Safunsa anadya phula: mawu kwa anthu a ku Bembeke

 Ine ndine mwana pakati panu, ntchito yanga ndi kutola nkhani. Ndabwera ndi nkhani imodzi yokha: aliyense wofuna kumanga chinyumba chosanjikizana pafupi ndi midzi yathu yakale ayambe wafunsa eni mudzi.

Wina anena kuti, "Kodi mafulatsi ali kuti kuno ku Bembeke?" Zoona, sanafike. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Taonani mmene malo akugulidwira m'mphepete mwa msewu wa M1. Amene wagula puloti lero pa Thenofu samanga nyumba yaudzu mawa.

Malo ano ali ndi mbiri. Mishoni ya Bembeke inatsegulidwa mu 1910 ndi ansembe a White Fathers. Tchalitchi cha njerwa chimene mukuchionacho ndicho likulu la Dayosizi ya Dedza, chimene chinali mpando wa Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala episkopi wa Katolika, amene anadzozedwa mu 1957. Mozungulira muli midzi, manda a makolo, zitsime ndi madimba a kachewere amene amadyetsa Lilongwe ndi Blantyre. Zinthu zotere zikagumulidwa sizigulidwanso m'sitolo.

Tiyeni tione zimene zinachitikira anzathu. Boma la chipani chimodzi litakhazikitsa bungwe la CCDC mu 1968 kuti limange likulu ku Lilongwe, midzi inasamutsidwa. Likulu linasamukira kumeneko mu 1975, ndipo mzindawo tonse timaunyadira. Koma ndani akanaimika chala nthawi imeneyo n'kufunsa za manda a agogo ake? Ine ndinali ndisanabadwe. Akuluakulu muli panowa mukudziwa chimene chimamuonekera munthu wofunsa mafunso.

Tsono yerekezani ndi za mu 2019. Ku Area 2, limodzi mwa madera akale a mzinda wa Lilongwe, kunamveka kuti malo a sukulu ya Livimbo alowereredwa ndi amalonda amene anamangapo nyumba zosungiramo katundu. Makolo anadandaula, phungu wa deralo, mayi Nancy Tembo, anayankhula poyera, manyuzipepala analemba. Mapeto ake khonsolo ya mzinda inagumula zomangidwazo. Kusiyana kwake n'kotani? Anthu anali ndi pakamwa, ndipo anapagwiritsa ntchito. Ndiwo ufulu umene anthu anavotera pa 14 June 1993, posankha matipate.

Musandimve molakwa. Sindikudana ndi chitukuko. Aphunzitsi ndi anamwino athu akusowa nyumba zabwino za lendi. Anyamata omanga ndi akalipentala akufuna ntchito. Kumanga mokwera m'mwamba kumapulumutsanso minda, pakuti mabanja makumi awiri amakhala pamalo pamene pakanakhala mabanja atatu. Chimene ndikukana ndi chitukuko chobwera usiku ngati fisi, chongotidzidzimutsa ndi mathirakitala m'mawa.

Womangayo akabwera, mufunseni mafunso anayi. Choyamba, madzi adzawatenga kuti? Akakumba mjigo wakuya wa injini, zitsime za amayi athu zidzatsala ndi madzi mu Okutobala? Chachiwiri, zonyansa za m'zimbudzi za mabanja onsewo zidzapita kuti? Kuno n'kumapiri, madzi amatsetsereka kunka kumadimba. Chachitatu, njira ya kumanda, ya kutchalitchi ndi ya kudambo idzatsekedwa ndi mpanda kapena ayi? Chachinayi, lendi yake adzakwanitsa ndani, mphunzitsi wa pulayimale kapena bwana wobwera Loweruka kudzapuma mphepo yozizira?

Pofunsa zimenezi simukupempha chifundo, malamulo ali kumbali yanu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo: a Gulupu ndiwo wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Choncho nkhani ya malo si ya munthu mmodzi kuseri kwa nyumba. Lamulo la mapulani la chaka chomwecho likuti womanga atenge chilolezo, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 likuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye mmene zidzakhudzire anthu ndi malo. Kuyambira 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani likugwira ntchito. Mungathe kulembera khonsolo ya Dedza kupempha kuona zikalata, ndipo iyenera kukuyankhani.

Mafumu athu, ndiyankhule mwaulemu. Envulopu ya wogula malo imatha sabata imodzi, koma dzina la mfumu imene inagulitsa njira ya kumanda silifafanizika. Ndipo inu anzanga achinyamata, musasaine pepala limene simunawerenge, ngakhale akulonjezeni njinga yamoto. Madzi akatayika saoleka.

Pempho langa ndi ili. Tisadikire thirakitala. Mwezi uno mudzi uliwonse ukhale pansi, ulembe malo amene sagulitsidwa: manda, zitsime, dambo, njira, mabwalo ndi malo ozungulira mishoni. Pepala limodzi likhale kwa a Gulupu, lina ku parishi, lina ku khonsolo. Wobwera ndi ndalama zake adzalandiridwa bwino, ndipo tidzamulozera pomanga. Koma adzapeze eni mudzi atagwirizana kale.