Apolisi, a Kasitomu ndi Mlimi

Mawu olankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe, Lilongwe

Zokolola zikalowa m'nkhokwe, ogula amayamba kuzungulira m'midzi, ndipo ena a iwo amati, "Tigulitseni, ife tiwoloka nazo malire usiku." Chifukwa cha ichi lero tikambirana za magulu awiri a Boma amene amalonda malire athu, ndiwo apolisi ndi a kasitomu. Tiyambe ndi kumene anachokera.

Angerezi anayamba kulamulira dziko lino mu 1891. Masiku amenewo kunalibe gulu limodzi la polisi. Bwana wa pa boma lililonse anali ndi asilikali akeake, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kusaka anthu osapereka msonkho wa nyumba. Akuluakulu amasimba kuti mwamuna akathawa, asilikaliwo ankagwira mkazi wake mpaka msonkho utaperekedwa. Katundu wakunja ankabwera pa sitima za pamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo ankamulipiritsa msonkho wa kasitomu ku Chiromo.

Mu 1921 Boma linakhazikitsa gulu limodzi la polisi la dziko lonse la Nyasaland, likulu lake ku Zomba. Pambuyo pa chipolowe cha ku Thyolo cha 1953, anawonjezapo gulu loyendayenda lotchedwa Police Mobile Force. M'zaka zimenezo mlimi wokana kupanga mizere ndi migula monga mwa malamulo a malimidwe ankalipitsidwa faindi kapena kutsekeredwa m'ndende. Mizereyo inali yabwino, koma chikakamizo chinachititsa anthu kudana nayo, ndi kuopa mlangizi pamodzi ndi wapolisi.

Pa nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, za kasitomu zinkayendetsedwa kuchokera ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Titalandira ufulu mu 1964, magulu onse awiri anakhala a Boma la Malawi. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo lero likulu la polisi lili ku Area 30. Mu 2000 ntchito ya kasitomu inalowa m'manja mwa bungwe la Malawi Revenue Authority. Mu 2022 anatsegula chipata chatsopano ku Mchinji, kumene kale kunkatchedwa Fort Manning, ndipo munthu amaima kamodzi kokha kuti a Malawi ndi a Zambia aone katundu wake.

Tsono wina afunsa kuti, "Nanga ine mlimi zikundikhudza bwanji?" Zikukukhudzani m'njira zitatu.

Choyamba ndi matenda ndi tizilombo. Nankafumbwe wamkulu, amene amasandutsa chimanga ufa m'nkhokwe, sanali kuno kale. Anafika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku Tanzania. Thumba limodzi lolowa mozemba likhoza kuwononga nkhokwe za mudzi wonse. Chimodzimodzinso ng'ombe. Imodzi yodwala zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ikalowa m'khola, Boma limatseka misika ya ziweto m'dera lonselo, ndipo amene amavutika ndi anansi osalakwa.

Chachiwiri ndi mtengo. Wogula wa usiku amabwera ndi sikelo yake, sapereka lisiti, ndipo akakuberani mulibe kokadandaula. Fodya ali ndi msika wake wovomerezeka ku Kanengo, kumene belo lililonse limalembedwa m'dzina la mwini wake.

Chachitatu ndi njala. Chimanga chimene chimatuluka motchipa mu June ndi chomwecho mudzachifunafuna mu February pa msika wa ku Old Town, mtengo utakwera.

Nanga tichite chiyani? Malonda ndi anzathu a ku Zambia ndi ku Mozambique ndi ololedwa, malinga adzere pa chipata, monga cha Mchinji kapena cha Dedza. Musanatulutse mbewu, funsani ngati ikufuna chilolezo cha Unduna wa Zamalonda, chifukwa zaka zina Boma limaletsa kutulutsa chimanga. Kalata yotsimikiza kuti mbewu zilibe matenda imaperekedwa ndi akatswiri a zaulimi, monga a ku Chitedze. Musanasamutse ng'ombe, tengani kalata kwa mlangizi wa ziweto. Mukalipira msonkho pa chipata, landirani lisiti la Boma. Wantchito aliyense wofuna ndalama popanda lisiti akuswa lamulo, ndipo mukamunene kwa akuluakulu ake.

Inu mafumu, njira zachidule za m'dera lanu mumazidziwa kuposa wapolisi aliyense. Musalole kuti galimoto zachilendo zizipakira katundu usiku m'mudzi mwanu. Itanitsani msonkhano, muitane mlangizi ndi a polisi ya m'mudzi, ndipo anthu afunse mafunso awo poyera. Kumbukirani kuti safunsa anadya phula.

Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka chimanga. Tsalani bwino nonse.