Ngozi ya ku Mwanza Imene Sinali Ngozi

Awa ndi mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wathu wa mwezi uno. Tawalemba pano kuti nanunso amene simunathe kubwera muwerenge, ndipo mukhoza kugawana ndi anzanu.



Ambiri a ife timakonda nkhani za milandu. Timagula bando kuti tionere mafilimu a ofufuza milandu a ku America, timakangana kuti wapha ndani, ndipo wakuphayo akagwidwa timagona mtima uli m'malo. Lero ndikufuna tikambe mlandu wa kwathu konkuno. Muli kupha, muli bodza lalikulu, muli kufufuza, muli khoti. Chimene mulibe ndi mathero okoma aja timawaona m'mafilimu. Ndi mlandu wa anthu anayi amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983.

Tiyambe ndi maina awo, chifukwa amene anawapha ankafuna kuti mainawo aiwalike. A Dick Matenje anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party komanso nduna. A Aaron Gadama anali nduna yoona za chigawo chapakati. A Twaibu Sangala anali nduna ya zaumoyo. A David Chiwanga anali phungu wa Nyumba ya Malamulo wochokera ku Chikwawa. Mwamva bwino maudindowo? Awa sanali anthu otsutsa boma obisala kutchire ayi. Anali mkati mwenimweni mwa boma. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi chokha, ndipo mlembi wamkulu wa chipanicho anali mmodzi mwa anthu apamwamba kwambiri pansi pa Dr Hastings Kamuzu Banda, amene kuyambira 1971 anali Pulezidenti wamuyaya.

Nanga anthu akuluakulu chonchi analakwa chiyani? Olemba mbiri amatchula zinthu ziwiri. Choyamba, chaka chimenecho m'Nyumba ya Malamulo munamveka mawu odzudzula kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, chinthu chimene sichinali chozolowereka. Chachiwiri, a Kamuzu anali atakalamba, ndipo funso loti adzalowe m'malo mwawo ndani linali kuwira pansipansi. M'dziko limene munthu ankaphunzitsidwa umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, kungoganiziridwa kuti ukuyang'ana mpando wa Ngwazi kunali kokwanira kukuika m'madzi otentha.

Pa 17 Meyi 1983, anayiwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo, imene nthawi imeneyo inali ku Zomba, apolisi anawaimitsa pa msewu wa Zomba-Blantyre n'kuwamanga. Usiku umenewo anagona ku ndende ya Mikuyu. Mawa lake anawatengera ku Blantyre. Usiku wa pa 18 Meyi, atawamanga maunyolo ndi kuwaphimba kumaso, anawakweza m'magalimoto kupita nawo ku Mwanza, ku msewu wa ku Thambani, kufupi ndi malire a Mozambique. Kumeneko anawapha powamenya ndi nyundo kumutu. Kenako anaika mitembo yawo m'galimoto ya mtundu wa Peugeot, n'kuikankhira kuphedi kuti zioneke ngati yagubuduka.

Taimani kaye pamenepa. Bwanji nyundo, apolisi ali ndi mfuti? Chifukwa chipolopolo chimasiya chizindikiro chimene ngakhale mwana angachizindikire. Bala la nyundo likhoza kunamiziridwa chitsulo cha galimoto. Ndiye kuti bodza linakonzedwa anthuwo akadali amoyo. Asanafike n'komwe ku Thambani, nkhani yodzauza mtundu wa Amalawi inali itaphikidwa kale.

Ndipo inauzidwadi. Boma linayamba lalengeza kuti anthuwa asowa. Kenako linati apezeka atafa pa ngozi ya galimoto pamene ankathawa m'dziko muno. Onani kuchenjera kwake kwa bodzali. Likuchita ntchito ziwiri nthawi imodzi: likubisa amene anapha, komanso likudetsa amene anaphedwa. Munthu wothawa usiku kulowera kumalire ndiye kuti ali ndi chimene wapalamula, eti? Basi, nduna zija zasanduka zigawenga, ndipo aliyense wolira mokweza akuoneka ngati mnzawo wa zigawenga.

Maliro awo anachitika mwakachetechete, opanda ulemu wa boma umene nduna imayenera kulandira. Achibale anauzidwa kuti asatsegule mabokosi. Inu mukudziwa mwambo wathu. Pa maliro timaona nkhope. Mayi amatsanzika mwana wake, mkazi amatsanzika mwamuna wake. Tangoganizani kulandira bokosi lokhomedwa, n'kuuzidwa kuti ikani msanga, osafunsa. Mafunso analipo ambiri. Zitheka bwanji kuti anthu anayi afere limodzi onse ndi mabala a kumutu? Munthu amene anaonedwa ali m'manja mwa apolisi dzulo, lero akuthawa bwanji pa galimoto? Koma wailesi inali imodzi, MBC, ndipo inali ya boma. Nyuzi zinali m'manja mwa olamula omwewo. Kunalibe Facebook, kunalibe WhatsApp. Funsani agogo anu kunyumba, akuuzani kuti anthu ambiri sanakhulupirire za ngoziyo, koma ankanong'onezana m'nyumba zitseko zili zotseka, chifukwa sunkadziwa kuti kazitape ndani.

Zinakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu kuti akufuna zipani zambiri. Chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994, tsiku lomwe lija anayiwa anamangidwa zaka 11 m'mbuyomo, ndipo a Bakili Muluzi anapambana. Boma latsopano linakhazikitsa komishoni yofufuza za imfa za ku Mwanza, yotsogozedwa ndi jaji Mtegha. Anthu amene anakhala chete kwa zaka zonsezo anayamba kuyankhula. Lipoti linatuluka mu Januwale 1995, ndipo linanena poyera zimene anthu ankanong'ona: kunalibe ngozi, anthuwa anachita kuphedwa, ndipo anawapha ndi apolisi.

Mwezi womwewo a Kamuzu anaikidwa pa ukaidi wosachoka panyumba ku Mudi mu mzinda wa Blantyre, ndipo a John Tembo anamangidwa. Pa mlanduwo panalinso Mama Cecilia Kadzamira ndi akuluakulu ena apolisi. Unazengedwa ku High Court ku Blantyre pamaso pa jaji Mackson Mkandawire ndi gulu la anthu wamba ogamula mlandu, aja amati jury. Mbali ya boma inkatsogozedwa ndi a Kamudoni Nyasulu, ndipo a Kamuzu anawaimira loya wochokera ku Britain, Clive Stanbrook. A Kamuzu eni ake sankabwera kukhoti chifukwa cha ukalamba ndi kudwala.

Apa ndiye pali phata la nkhani yathu, ndiye tcherani khutu. Apolisi ena amene anali nawo pa ntchito ya ku Thambani anaima m'khoti ngati mboni za boma, nafotokoza mmene zinayendera. Zoti anthuwa anaphedwa sizinalinso zokayikitsa. Funso linali lakuti: analamula ndani? Wapolisi wamng'ono akuti anatumidwa ndi bwana wake. Bwanayo akuti lamulo linachokera kwa mkulu wa apolisi m'dziko muno wa nthawi imeneyo, a Mac Kamwana. Dzina lina limene linkatchulidwa ndi la a John Ngwiri, amene anali mlembi wamkulu mu ofesi ya Pulezidenti ndi nduna zake. Koma pofika 1995 onse awiriwa anali atamwalira. Makwerero a umboni anakwera, anakwera, n'kukathera pa manda. Anthu amene akanatha kunena ngati lamulo linachokera pamwamba pawo kapena ayi sakanathanso kuitanidwa ndi khoti lililonse la pansi pano.

Pa 23 Disembala 1995, ozengedwa mlandu anapezeka osalakwa. Boma linachita apilo, koma mu Julayi 1997 Supreme Court of Appeal inakana apiloyo. Mu Januwale 1996 a Kamuzu anapepesa kwa mtundu wa Amalawi chifukwa cha zowawa zimene anthu anakumana nazo mu ulamuliro wawo, koma sanavomere kuti analamula zimenezo. Anamwalira mu Novembala 1997 ku Johannesburg.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mtima ukuwawa, mukuti khoti linalephera. Koma tisamale pano. Khoti silimanga munthu chifukwa choti anthu onse akumuganizira. Limafuna umboni wosasiya chikayiko. Lamulo limenelo ndi lomwe lidzakutetezeni inuyo tsiku limene wina adzakunamizireni. Amene anamasulidwa, pamaso pa malamulo ndi osalakwa, ndipo ife sitinabwere pano kudzaweruzanso mlandu umene makhoti awiri anaugamula. Koma chilondacho chilipobe. Anthu anayi anaphedwa, boma linanama, choonadi chinadziwika, koma mlandu uja unatha popanda munthu woti mabanja aja angamuloze kuti uyu ndiye khoti lamupeza wolakwa.

Makolo athu amati mlandu suola. N'zoona, wa ku Mwanza sunaole, unadikira zaka 12 mpaka unalowa m'khoti. Koma umboni umaola, anzanga. Mboni zimafa. Amoyo amaiwala, kapena amasokoneza masiku. Mapepala amasowa. Bodza lija silinafunike kukhala mpaka kalekale kuti lipambane. Linangofunika kukhala nthawi yokwanira kuti anthu odziwa zambiri apite kumanda. Chaka chilichonse cha mantha ndi kukhala chete chinali mphatso kwa akupha.

Mwina mukuti zimenezo ndi za nthawi ya chipani chimodzi, zinapita. Kumbukirani Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic ku Blantyre, mnyamata ngati ife tomwe. Anapezeka atafa pa sukulupo pa 24 Seputembala 2011, mu nthawi ya demokalase. Apolisi anati wadzipha yekha. Chaka chotsatira, komishoni yotsogozedwa ndi jaji Andrew Nyirenda inapeza kuti anachita kuphedwa. Mukuona kufanana kwake? Kufotokoza kwachangu kochokera kwa olamula, kofuna kuti mafunso athe asanayambe.

Ndiye ife titani? Ndili ndi zinthu zitatu zokha.

Choyamba, dziwani ufulu wanu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 42, amati munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake, ndipo ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Anayi aja sanaone khoti. Mnzanu kapena m'bale wanu akatengedwa ndi apolisi, funsani mwaulemu kuti akupita naye ku polisi iti, lembani tsiku, nthawi ndi nambala ya galimoto, ndipo dziwitsani achibale ake nthawi yomweyo. Munthu amene anthu akudziwa kumene ali ndi wovuta kumusowetsa.

Chachiwiri, ngati mwaona chinthu, musadalire mutu wanu wokha. Lembani tsiku lomwelo zimene mwaona, osati zimene mwamva. Kanenani kupolisi, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza apolisi eni ake, kuli Malawi Human Rights Commission ndi ofesi ya Ombudsman, mabungwe amene kunalibe mu 1983.

Chachitatu, foni ili m'manja mwanuyo ikhoza kuulula bodza, ikhozanso kulifalitsa. Musathamangire kuponya chithunzi cha munthu pa gulu n'kulemba kuti wakupha ndi uyu. Ngati tikudzudzula amene anawatcha anayi aja othawa popanda umboni, ifenso tisamatche anzathu zigawenga popanda umboni. Funsani mafunso, funsani mokweza, koma kugamula kusiyireni khoti.

Ndikukupatsani ntchito ya kunyumba. Sabata ino khalani pansi ndi agogo, amalume kapena azakhali amene anali akuluakulu mu 1983. Afunseni kuti anamva bwanji za ngozi ya ku Mwanza, anali kuti, ndipo anauza ndani zimene ankaganiza mumtima. Ngati alola, lembani zimene akuuzeni, mubwere nazo pa msonkhano wotsatira tidzawerengerane. Musazengereze, chifukwa nawonso ndi mboni, ndipo zaka zikupita.