Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wodzala Mitengo M'munsi mwa Phiri la Thyolo



Nyengo yodzala mitengo imene boma linakhazikitsa imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo m'madera ambiri mwambo wotere umakhala wa makasu, mbande ndi magule basi; koma m'boma la Thyolo nkhani ya mitengo singakambidwe payokha, chifukwa kwa zaka zoposa zana yakhala yolukana ndi nkhani ya malo, ya ntchito ndi ya matenda. Phiri la Thyolo, limene boma la atsamunda linaliika m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924, linali ndi nkhalango ya mvula, kutanthauza nkhalango yowirira ya mitengo italiitali yosayoyola masamba m'chilimwe, imene imakola chifunga cha chiperoni ndi kutsitsira madzi m'nthaka pang'onopang'ono kuti akasupe ndi mitsinje monga Nsuwadzi isaphwe. Kuchokera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nkhalangoyo inagwetsedwa mofulumira, kotero kuti chigawo chooneka chimene chatsala lero chili makamaka m'malo a esiteti ya Satemwa. Mbalame imene akatswiri a zachilengedwe anaitcha Thyolo alethe, potengera dzina la phiri lomweli, tsopano ili m'gulu la zamoyo zimene zingathe kutheratu, ndipo imadalira nkhalango zochepa za mtundu womwewu zimene zatsala pa Mulanje, ndiponso ku Mozambique pa Mabu, Chiperone ndi Namuli, phiri limene Alomwe amalitchula kuti ndi kumene makolo awo anachokera.

Nkosavuta kuloza chala mlimi amene anakwera m'phiri ndi nkhwangwa, koma chiweruzo chotere nchosakwanira ngati sichifunsa chimene chinamukweza. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston, amene ankalamulira dziko lino m'dzina la Britain, anayamba kupereka kwa azungu zikalata za umwini wa malo zotchedwa Certificates of Claim, ndipo mbali yaikulu ya nthaka yachonde ya kumapiri a Shire inachoka m'manja mwa Amang'anja ndi Ayao amene ankailima. Alomwe amene ankawoloka malire pothawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi analandiridwa m'maesiteti pansi pa lamulo la thangata, limene linali lakuti munthu wokhala pa malo a mzungu alipire lendi pomugwirira ntchito miyezi ingapo pa chaka, kawirikawiri m'nyengo yomweyo imene munda wake unkafuna khasu. Mkwiyo wa thangata unali m'gulu la zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo unaphulikanso muno m'Thyolo mu Ogasiti 1953 pa zipolowe zimene zinafalikira m'maboma oyandikana ndi kuphetsa anthu 11. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, koma malire a maesiteti sanasunthe kwenikweni, pamene anthu anapitiriza kuchuluka mpaka kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la makilomita 1,715 okha m'bwalo mwake. Ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004 mothandizidwa ndi World Bank, inasamutsira mabanja ena a ku Thyolo ndi Mulanje ku Machinga ndi Mangochi, koma inangopeputsa katundu wosamutula. Banja limene lili ndi kamunda kosakwana ekala imodzi, nthochi zake zitatha ndi matenda a chisaka, limayang'ana kuphiri chifukwa kulibenso kwina koyang'ana.

Chilungamo chikufunanso kuti zabwino za tiyi zinenedwe poyera. Mbewuyi imabweretsa ndalama zakunja, imalemba ntchito anthu zikwi makumi angapo m'nyengo ya mvula pamene masamba akuphuka kwambiri, ndipo maesiteti ena ndi amene asunga timagawo ta nkhalango yachilengedwe timene tikanatha kale. Komabe tiyi amene amathyoledwa kuno, kuumitsidwa ndi nkhuni za bulugamu m'mafakitale ndi kugulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe, phindu lake lalikulu limapezeka kutali kumene amakamusakaniza ndi kumuika m'mapaketi, pamene wothyola amene wasenza dengu kuyambira m'bandakucha amalandira gawo lochepetsetsa. Kumeneko ndiko kukolola chuma cha dera mochichotsa, ndipo makala amene amatsika m'mapiri usiku kupita ku Limbe ndi ku Blantyre amatsata njira yomweyo, ngakhale kuti owotcha ake ndi amphawi.

Zotere si za kuno kokha. M'nkhalango ya Amazon ku Brazil, anthu a mtundu wa Yanomami anaona okumba golide mosaloledwa akuchuluka m'dziko lawo pa nthawi ya mliri wa Covid-19, akubweretsa matenda ndi kuipitsa mitsinje ndi mankhwala a mercury, ndipo mitundu yambiri ya m'nkhalangoyo inadziteteza potseka njira zolowera m'midzi ndi kudziwerengera yokha odwala ndi omwalira pamene boma linkachedwa. Mbiri ya Yanomami ndi ya Alomwe kapena Amang'anja sizofanana m'zonse, koma zikugwirizana pa mfundo yakuti mliri umapweteka kwambiri anthu amene malo awo anachepetsedwa kale, ndi kuti chitetezo choyamba chimachokera kwa eni dera.

Thyolo ali ndi umboni wake wa mfundo imeneyi, umene dziko lonse lapansi linaphunzirapo. Pamene Edzi inafika pachimake, boma lino linali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri m'Malawi, pa zifukwa zimene zikukhudzana ndi moyo wa m'maesiteti: ntchito ya nyengo imene imalekanitsa mabanja, umphawi umene umachititsa amayi kudalira chifundo cha amene ali ndi mphamvu yolemba ganyu, ndi kuyendayenda kwa anthu pakati pa midzi, misika ndi malire. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo m'boma lino mu 1997, mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mu 2003, ndipo pofika 2007 Thyolo anali atafikitsa mankhwalawo kwa anthu ochuluka mwa amene ankawafunikira, pa nthawi imene akatswiri ena ankanena kuti zotere sizingatheke kumudzi kopanda madokotala okwanira. Chimene chinatheketsa chinali kugawana ntchito, ndiko kuti ntchito zina za dokotala zinaperekedwa kwa anamwino ndi othandizira madokotala, za anamwino zinapita kwa alangizi a zaumoyo, ndipo anthu odzipereka a m'midzi, ambiri mwa iwo amayi ndiponso ena amene anali ndi kachilombo iwo eni, ankayendera odwala khomo ndi khomo, kuwasambitsa, kuwaphikira phala ndi kulondola amene asiya kumwa mankhwala. Pambuyo pake kunabwera magulu otengerana mankhwala, njira imene inayambira ku Tete mu 2008, yakuti anthu angapo oyandikana azisinthana kupita kuchipatala kukatengera anzawo onse mankhwala, kuti wina asataye tsiku la ganyu kapena ndalama ya basi mwezi uliwonse. Anthu amenewa sanalembedwe m'mabuku a mbiri, koma ambiri mwa amene akhala pansi pano ali moyo chifukwa cha iwo, ndipo msonkhano uno uyenera kuwathokoza mochokera pansi pa mtima.

Covid-19 itafika, odwala oyamba atalengezedwa pa 2 Epulo 2020, luso lomwelo linadzukanso. Boma linalamula m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, koma Khoti Lalikulu linauletsa pa 17 Epulo chifukwa panalibe dongosolo la momwe anthu odya za tsiku lomwelo akanakhalira, ndipo aliyense wodziwa moyo wa m'makomboni a m'maesiteti, momwe mabanja amagawana mpopi umodzi ndi kuima pamzere umodzi posikelitsa tiyi, akudziwa kuti kutalikirana kunali kosavuta kulengeza pa wailesi kusiyana ndi kuchita. Matelala a m'misika anasoka zotchinga pakamwa ndi mphuno kuchokera ku zitenje, mabanja anaika mpondagiya pakhomo, chipangizo chosambira m'manja cha kachigubu kopendeka ndi phazi, ndipo mafumu anasenza ntchito yowawa yofupikitsa miyambo ya maliro ndi kulangiza adzukulu, pamene mwambo umati mnansi sagona kwake mnzake ataferedwa. Mu Januwale 2021, mwezi umene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, anthu ambiri anathamangira ku masamba a bulugamu, mandimu ndi jinja kuti adzifukize; njira zimenezi sizinkapha kachilomboko, koma zinaonetsa kuti pa tsiku la mantha munthu amayamba wafunafuna mtengo. Katemera atafika mu Malichi 2021, mphekesera zinamutsekera njira mpaka boma linawotcha katemera woposa 19,000 amene anatha mphamvu, ndipo kumene anthu anabayitsa mochuluka kunali kumene mfumu, m'busa kapena mlangizi wodziwika anayamba wapinda yekha dzanja la malaya.

Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagwa dziko lili kale pa mliri wa kolera, anasonyeza kuopsa kwa mapiri opanda chovala pamene matope ndi miyala zinakwirira midzi m'maboma a kum'mwera, kugumula zimbudzi ndi kuipitsa zitsime.

Choncho pempho la tsiku lino nlakuti anthu amene anadalirika posunga moyo pa miliri iwiri ya Edzi ndi Covid-19 adaliridwenso posunga phiri. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limalola kuti boma ndi midzi agwirizane zoyang'anira limodzi nkhalango yotetezedwa kudzera m'makomiti a m'midzi oona zachilengedwe, ndipo mgwirizano wotere uyenera kulembedwa momveka, kunena amene adzathyole bowa, kuika ming'oma ya njuchi, kutola nkhuni zouma ndi kukumba mankhwala, ndiponso chilango cha wophwanya, kaya ndi mlimi, wamalonda kapena wogwira ntchito m'boma. Mitengo ya kumanda, imene palibe amaidula ngakhale kulibe mlonda, ikuchitira umboni kuti lamulo limene mudzi walivomereza limasungika. Eni maesiteti akupemphedwa kukhala pansi ndi mafumu a madera a Nchilamwela, Changata, Mphuka, Kapichi ndi Bvumbwe pa nkhani ya malo amene akungokhala osalimidwa, kugawana mbande za mitengo yachilengedwe monga mbawa ndi mkuyu m'malo mwa bulugamu yekha m'mbali mwa akasupe, ndi kuonetsetsa kuti zipatala ndi madzi a m'makomboni zikufikiranso ogwira ntchito a nyengo. Khonsolo ya boma ikupemphedwa kubweranso m'chilimwe, mvula itatha ndi moto wolusa utayamba, kudzawerenga pamodzi ndi makomiti a m'midzi mbande zimene zaphuka, ndi kulengeza chiwerengerocho poyera.

Ndi mawu amenewa, ntchito yodzala mitengo m'munsi mwa phiri la Thyolo chaka chino yatsegulidwa.