Chitsulo Chosoŵa Mtendere

Omvera onse amene adagwirapo maginito akudziŵa kuti kanthu kameneka kamakoka misomali ndi singano. Nkhani ya lero ikunena za chitsulo china chimene mkati mwake muli maginito ambirimbiri, koma sichikoka msomali ngakhale umodzi. Palibe amene adasulapo khasu kapena mpeni ndi chitsulo chimenechi, komabe chidazunguza mitu ya akatswiri a sayansi kwa zaka zoposa 30.

Poyamba m'pofunika kudziŵa kumene mphamvu ya maginito imachokera. Chinthu chilichonse chidapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Atomu iliyonse ya chitsulo cha ayironi ili ngati kamuvi ka mu kampasi, kamene kangathe kuloza uku kapena uko. Timivi tonse tikaloza mbali imodzi, mphamvu zake zimaphatikizana ndipo chitsulocho chimakhala maginito. Koma chikatenthedwa kupitirira madigiri 770, timivi tija timayamba kuzungulira mwachisawawa ndipo mphamvu ija imatha. Kusintha kumeneku kumachitika pa muyeso umodzi wa kutentha, monga momwe madzi amaundanira akafika pa madigiri 0.

M'chaka cha 1972, akatswiri aŵiri a pa yunivesite ya Fordham mumzinda wa New York, a Vincent Cannella ndi a John Mydosh, ankayesa golide wosakaniza ndi ayironi wochepa, maatomu oŵerengeka chabe mwa maatomu 100 alionse. Adauziziritsa kupitirira madigiri 240 pansi pa muyeso umene madzi amaundanira, uku akuyesa momwe timivi tija tinkamverera mphamvu ya maginito yochokera kunja. Pamene kuzizira kunkakula, kumvera kuja kunkakulanso, mpaka pa muyeso wina pomwe kudatembenuka mwadzidzidzi ndi kuyamba kuchepa. Chimenechi chidali chizindikiro chakuti timivi taima. Chodabwitsa chidali chakuti sitidaime moloza mbali imodzi, koma kalikonse kadauma koloza kwakekwake. Chitsulo chotere chimatchedwa spin glass. Mawu oyambawo ndi dzina la kamuvi kaja, ndipo achiŵiriwo akunena za galasi, chifukwa m'galasi namonso maatomu adauma popanda kundanda bwino.

Kodi timivi timeneti timalephereranji kumvana? Maatomu a ayironi aja adamwazikana m'golidemo, ena moyandikana, ena motalikirana. Uthenga wa pakati pawo umayenda kudzera mwa maelekitironi a m'golidemo, ndipo umasintha malinga ndi mtunda. Pa mtunda wina uthengawo umati timivi tiŵiri tiloze mbali imodzi, pa mtunda wina umati tifulatirane. Motero kamuvi kamodzi kamalandira malamulo otsutsana kuchokera kwa tinzake.

Chitsanzo cha pamudzi chingathandize. Pamsonkhano payalidwa mphasa ziŵiri, ndipo pafika amuna atatu amene samwerana madzi. Woyamba wakhala pa mphasa ya kum'maŵa, wachiŵiri pa ya kumadzulo. Nanga wachitatu akhala pati? Paliponse pamene angakhale, akhala ndi mdani wake. Palibe kakhalidwe kamene kangakondweretse onse atatu, ndipo pali makhalidwe angapo oipa mofanana. M'chaka cha 1977 katswiri wa ku France, a Gérard Toulouse, adasonyeza kuti gwero la vuto lonse lili pamenepa. Tsono m'kachidutswa ka chitsulo simuli atatu okha, muli miyandamiyanda, ena okondana, ena odana.

M'chaka cha 1975, a Sam Edwards ndi a Philip Anderson, ali ku Cambridge, adapeza funso loyenera. M'malo mofunsa kumene timivi tonse tikuloza, iwo adati munthu ayang'ane kamuvi kamodzi tsopano, ndipo akayang'anenso patapita nthaŵi yaitali. Ngati kakulozabe komwe kankaloza, ndiye kuti chitsulocho chauma, ngakhale chioneke chosalongosoka. Chaka chomwecho a David Sherrington ndi a Scott Kirkpatrick adakonza chifanizo chapafupi cha vutoli, m'mene kamuvi kalikonse kamamvana kapena kudana ndi tinzake tonse, posaŵerengera mtunda. Poŵerengetsa adatsata njira ya a Edwards ndi a Anderson, yoyerekeza kuti pali zidutswa zambiri za chitsulo zofanana ndendende, ngati mapasa, ndi kuziŵerengera pamodzi.

Apa m'pamene zinthu zidavuta. Masamu ao adayenda bwino mpaka pamene adafika pa kuzizira kotsiriza. Kumeneko yankho lidati njira zimene timivi tingakhalire n'zosakwana ngakhale imodzi. Zimenezi sizingatheke, pakuti chinthu chimene chilipo chiyenera kukhala ndi kakhalidwe kamodzi kapena kuposerapo. Akatswiri aŵiriwo sadabise cholakwacho, adachilemba poyera. M'chaka cha 1978 a de Almeida ndi a David Thouless adaloza pamene padali chilema: mapasa aja adali atatengedwa ngati ofanana onse m'makhalidwe ao, pamene sadali otero.

Amene adamasula mfundoyo ndi a Giorgio Parisi, mbadwa ya mumzinda wa Rome, amene adabadwa m'chaka cha 1948. M'zaka za 1979 ndi 1980 iwo adati mapasa aja agaŵidwe m'magulu, gulu lililonse ligaŵidwenso m'timagulu, ndipo kugaŵako kupitirire kosalekeza. Atatero, yankho losatheka lija lidazimirira, ndipo ziŵerengero zao zidagwirizana ndi zimene makina a kompyuta ankapeza. Koma tanthauzo la masamuwo silidadziŵike msanga, ngakhale kwa eni akewo.

Lidaonekera m'zaka za 1983 ndi 1984, a Parisi atagwirizana ndi a Marc Mézard, a Nicolas Sourlas, a Toulouse ndi a Miguel Virasoro. Maginito wamba akazizira amakhala ngati madzi a mvula otsikira m'chigwa chachikulu. Chitsulo ichi chili ngati dziko la mapiri lokhala ndi zigwa zosaŵerengeka, zakuya mofanana pang'ono, ndipo madzi akagwera m'chimodzi satulukamo msanga. Chigwa chilichonse ndi kakhalidwe kamodzi ka timivi tonse. Chachikulu chimene adapeza n'chakuti zigwazi zili pa chibale. Zina n'zofanana kwambiri ngati ana a mimba imodzi, magulu a anaŵa amapanga mbumba, ndipo mbumbazo zimapanga fuko. Dongosolo limene silinkaoneka poyang'ana timivi lidaoneka poyerekeza makhalidwe aŵiri aŵiri.

Ngakhale zidatero, akatswiri a masamu sadakhutire, chifukwa njira ya mapasa ija ili ndi malo ena amene malamulo a masamu savomereza. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Padapita zaka zoposa 20 kufikira pamene a Francesco Guerra a ku Italy adatsimikiza theka la nkhaniyi m'chaka cha 2003, ndipo a Michel Talagrand a ku France adamaliza theka lotsalalo m'zolemba zimene zidasindikizidwa m'chaka cha 2006. Yankho la a Parisi lidapezeka kuti n'loona. M'chaka cha 2021 iwo adalandira theka la mphotho ya Nobel ya fizikisi, ndipo theka linalo adagaŵana a Syukuro Manabe ndi a Klaus Hasselmann, akatswiri ofufuza za nyengo.

Wina angafunse kuti phindu la zonsezi n'chiyani, poti chitsulocho chilibe ntchito. Phindu lili m'maganizo amene chidabala, pakuti mavuto a zofuna zotsutsana ali ponseponse. M'chaka cha 1983 a Kirkpatrick aja, pamodzi ndi a Gelatt ndi a Vecchi a kukampani ya IBM, adaphunzitsa kompyuta kuchita monga amachitira mmisiri wosula, amene amatenthetsa chitsulo ndi kuchileka kuti chizizire pang'onopang'ono. Kompyutayo imayamba yavomera mayankho oipirapo kuti ithe kutuluka m'zigwa zosaya, kenaka imakhwimitsa pang'onopang'ono mpaka itakhazikika m'chigwa chakuya. Njirayi idathandiza poyala tizipangizo ta mkati mwa makompyuta, ndiponso popeza ulendo waufupi wa munthu woyenera kuyendera mizinda yambiri. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1982, a John Hopfield adaonetsa kuti zigwa zija zingakhale ngati nkhokwe zosungira zinthu zokumbukira: makina akaonetsedwa chithunzi chong'ambika, amatsetserekera m'chigwa mmene muli chithunzi chathunthu. Ntchito imeneyi ndi umodzi wa mizu ya makina ophunzira okha, ndipo a Hopfield adalandira nayo mphotho ya Nobel m'chaka cha 2024 pamodzi ndi a Geoffrey Hinton.

Mlandu umodzi sunagamulidwebe. Yankho la a Parisi n'loona pa chifanizo chija m'mene kamuvi kalikonse kamamva tinzake tonse. Koma m'chitsulo chenicheni kamuvi kamamva kwambiri toyandikana nako. M'chaka cha 1986 a Daniel Fisher ndi a David Huse a ku America adati m'chitsulo chotere zigwa zenizeni zilimo ziŵiri zokha, china chotembenuza cha chinzake. Mbali zonse ziŵiri zili ndi oziikira kumbuyo, ndipo makompyuta ena adamangidwira funso limeneli lokha. Funso limene lidabuka pa kachidutswa ka golide mu 1972 likudikirabe woliyankha.