Nthangala za masuku sizidikira

 Ine ndaima pano pa nkhani ya mtengo wa msuku.

Tonse timadziwa kuti masuku amapsa kuyambira Okotobala mpaka Disembala, nthawi yomwe nkhokwe zambiri zayamba kupepuka. Ana amapita kusukulu atadya masuku. Amayi amatenga beseni kupita nalo pa msika ku Ulongwe kapena ku Domwe, nkubwerako ndi mchere ndi sopo. Koma misuku ikutha. Ina yapita ku makala, ina ku zigafa za fodya, ina yaotchera njerwa. Ndipo pali mawu omwe ndimamva kawirikawiri, akuti msuku sadzala munthu, umamera wokha. Ayi abale, umadzalika. Kungoti uli ndi malamulo ake.

Nthangala ya suku si chimanga choti muyanike nkusunga pa tsindwi. Ikangouma yafa. Pakatha mwezi umodzi zambiri sizimeranso. Ndiye mukadya suku lero, tsukani nthangala zake, muchotse zonanda zonse, mufese mawa kapena mkuja. Musatole masuku ovundika kukhitchini aja omwe anathyoledwa osapsa. Tolani omwe agwa okha pansi pa mtengo womwe mumaudziwa kuti ndi wotsekemera. Ana oweta mbuzi amaidziwa mitengo imeneyi kuposa ife akulu, afunseni.

Tsono nkhani yaikulu ili pa dothi, ndipo apa ndipempha mumvetsetse. Anthu ambiri amafesa mu dothi la kudimba, mbande zimamera bwinobwino, kenaka masamba amachita chikasu, nkuima osakula, mapeto ake kufa. Amati mwina feteleza wachepa. Si feteleza ayi. Munaonapo kuti bowa monga ndelema ndi manyame amakonda kumera pansi pa misuku ndi miombo? Bowa ameneyu ali ndi timaulusi take pansi pa nthaka, tomwe timakulunga mizu ya msuku. Timaulusi timeneti ndi tomwe timathandiza mtengo kukoka madzi ndi chakudya mu dothi losauka la m'phiri, ndipo mtengowo umadyetsanso bowayo. Awiriwa ndi pachibale. Mbande ikasowa bowa wake imakhala ngati mwana wamasiye. Choncho pitani ndi khasu pansi pa msuku waukulu, mupale dothi la pamwamba pamodzi ndi masamba owolerana, osakumba mozama mpaka kudula mizu. Dothi limenelo musakanize ndi mchenga pang'ono, muthire m'machubu. Ngati machubu palibe, mapepala a shuga oboola pansi amagwira ntchito.

Nthangala muikwirire pang'ono chabe, osapitirira kutalika kwa chikhadabo. Nazale ikhale ndi mthunzi wa udzu, chifukwa kutchire msuku waung'ono umakulira pansi pa mitengo ina. Thirirani koma osachita chithaphwi. Pakatha masabata angapo muona zikutuluka, zina msanga zina mochedwa.

Mbande zikhale pa nazale mpaka mvula ya chaka chamawa. Pookera sankhani malo a kumtunda, a mchenga kapena miyala. Kudambo ayi, msuku sufuna kuima m'madzi, komanso chisanu cha mu Juni chimaotcha mbande. Lambulani udzu mozungulira moto usanayambe, ndipo mutchingire ndi minga chifukwa cha mbuzi.

China ndi ichi. Misuku ili ngati mapapaya, ulipo waumuna ndi waukazi, ndipo simungausiyanitse mpaka utachita maluwa. Mukadzala iwiri yokha, mukhoza kudikira zaka 8 kapena 10 nkupeza kuti yonse ndi yaimuna. Dzalani 15 kapena 20. Yaimunayo musadzaidule yonse, popanda iyo yaikazi sibereka.

Zaka 10 ndi zambiri, ndikudziwa, ena mwayamba kale kuseka kumbuyoko. Akatswiri a ICRAF ku Makoka, ku Zomba m'dziko la Malawi, anaonetsa kuti ukamezanitsa kanthambi ka mtengo waukazi wobereka kale pa mbande, umayamba kubereka pa zaka 3 kapena 4, ndipo masuku ake amatsekemera ngati a mayi wake. Kumezanitsako nkofanana ndi kwa mango ndi mapichesi, alangizi akhoza kutiphunzitsa. Koma poyambira ndi pa mbande, popanda mbande palibe pomezanitsa.

Pempho langa kwa a pampando ndi loti masuku akayamba kugwa, membala aliyense abwere ndi nthangala za tsiku lomwelo ndi ndowa imodzi ya dothi la pansi pa msuku. Nazale tiike pafupi ndi mjigo kuti kuthirira kusativute, tizisinthana masiku.