Njuchi Zatuluka

 Lero sindikamba za matemba kapena mpunga ayi. Ndikamba za njuchi.

Uno ndi mwezi wa Ogasiti. Mwera ukuchepa, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukutha. Dzulo m'mawa ndinaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko la Kachulu. Dzuwa lisanatenthe kunali zii. Litangotentha, mumtengo monse munayamba kumveka wuu! Njuchi zinali zitafika pa maluwa.

Kodi zinali kuti? Sizinafe ayi. Kukazizira njuchi zimaunjikana mu mng'oma kapena m'phanga la mtengo, n'kumadya uchi kuti zimve kufunda. Kunja kukafunda zimatuluka.

Njuchi ikamayamwa timadzi totsekemera m'duwa, thupi lake limatenga ufa wachikasu. Ufa umenewu ndi mungu. Ikatera pa duwa lina imasiyapo munguwo, ndipo duwalo limabala chipatso. Taonani maungu a kudimba. Ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi. Mungu ukapanda kufika pa duwa lalikazi, kadzungu kamafota n'kugwa.

Palinso bemberezi, wamkulu uja, woboola mitengo ya denga. Ana amakonda kumugenda. Aletseni. Nayenso amanyamula mungu pa nandolo ndi nyemba.

Mwina wina afunsa kuti, "Ife ndife asodzi, za njuchi zikutikhudza bwanji?" Abale anga, kumbukirani 1995. Nyanja ya Chilwa inaphwa monga inachitira mu 1968. Mabwato anangokhala pouma. Nsomba zikasowa chotero, banja limadalira dimba ndi zipatso. Nanga njuchi tikazitha, dimbalo libala chiyani?

Tsono tichite zinthu zitatu izi.

Choyamba, mankhwala ophera tizilombo tizipopera madzulo, njuchi zitabwerera kwawo. Tisapopere pa maluwa.

Chachiwiri, tisatenthe tchire posaka mbewa. Moto umapsereza maluwa ndi njuchi zomwe.

Chachitatu, pofula uchi tizifukiza utsi pang'ono, osayatsa moto ayi. Tizisiyako zisa zina kuti njuchi zisathawe.

Mawa dzuwa likakwera, kaimeni pansi pa mango anu mukamve nokha. Mukamva phokosolo, dziwani kuti mango a Novembala ndi Disembala ali m'njira. 

Mafunso
1. Kodi mungu ndi chiyani?
2. Chifukwa chiyani tiyenera kupopera mankhwala madzulo?