Mwala Umene Unatisonkhanitsa pa Chilanga

Akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi alendo athu, tisanadule keke ya zaka 50, tiyeni tifunsane: kodi tinapezeka bwanji kuno ku Chilanga? Ambirife kwathu ndi ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, ena kutsidya ku Malawi. Chimene chinakoka makolo athu ndi mwala wa laimu umene uli pansi pa nthaka ino.

Mu 1949 boma la Northern Rhodesia, pamodzi ndi bungwe la ku Britain la Colonial Development Corporation, linakhazikitsa kampani ya Chilanga Cement, ndipo mu 1951 simenti yoyamba inatuluka. Ntchito yake si yamasewera. Mwalawo amauphwanya, n'kuupera pamodzi ndi dothi, kenako n'kuuwotcha m'ng'anjo yaitali yozungulira mpaka kutentha kufike madigiri pafupifupi 1,450. M'menemo mumatuluka timibulu tolimba totchedwa klinka. Akatipera pamodzi ndi gypsum, ndiye simenti ija timagula m'matumba a makilogalamu 50.

Ana athu, mvetserani apa. Pamene ankamanga damu la Kariba pakati pa 1955 ndi 1959, simenti yochokera pa kamudzi kano inapita kukatseka mtsinje wa Zambezi. Magetsi amene kwaya yathu ikuimbira lero, akakhala kuti sanathime, ali ndi thukuta la agogo anu.

Eni ake a fakitale asinthasintha. Titalandira ufulu inakhala m'manja mwa boma, mu 1994 inagulitsidwa, mu 2001 inatengedwa ndi Lafarge ya ku France, ndipo patapita zaka dzina la Chilanga linachoka pa kampani. Mu 2021 anagula ndi a Huaxin a ku China, dzina lakale lija n'kubwerera. Akuluakulu athu sanadabwe nazo, poti iwo sanalekepo kunena kuti "tinkagwira ku Chilanga Cement."

Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti mbiri ya eni kampani inalembedwa, koma ya anthu amene ankaswa miyala ndi kusenza matumba ili m'mitu ya okalamba basi, ndipo chaka chilichonse tikuperekeza ena kumanda. Ndi malipiro a anthu amenewa tinagulira malata a nyumba yopemphereramo ino.

Choncho tikupempha: atate onse amene munagwirapo ntchito ku simenti, ndi inu amayi amene amuna anu anagwira kumeneko koma anatisiya, imirirani tikuoneni. Amene miyendo ikukana, kwezani dzanja. Alembi a mpingo, tengani kope, muyambe ndi mzere wakutsogolowu.